Gadiyani wa pa Bedi Naini

Lolemba, 3 Julayi 2023

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi naini, pafupi ndi zenera lomwe silitsekeka. Ndinachoka ku Namadzi m'mawa ndikuti akangondipatsa mapiritsi ndibwerere kukatsekera nkhuku zanga, koma adokotala, a Lajabu, atandikanikiza pamimba n'kunditsegula zikope anati, "Amayi, lero simupita." Maso achita chikasu, mimba yatupa ngati ya pakati, ine wa zaka 68! BP 130/80. Sikelo 54. Atenga magazi timabotolo titatu.

Anamwino a Sophie alemba: Bernadetta Makwinja, mphunzitsi wopuma ntchito, wamasiye. Atafika pofunsa za gadiyani anaimitsa cholembera. Ndati akubwera. Akubwera ndani? Amuna anga a Silvesta anatsogola zaka zinayi zapitazo. Mchemwali wanga Elsie anapita ndi matope a namondwe mu Malichi chaka chino, ana ake mpaka pano ali balalabalala. Mwana wanga ndi mmodzi, Edwin, ali ku Kepitauni. Basi, mtundu wanga ndi womwewo.

M'chikwama ndapezamo kolona, kope ili, ndi kathumba ka timatabwa ta zilembo. Bolodi lake latsala kunyumba. Ndizilemba kuti tsiku lizitha.

Lachiwiri, 4 Julayi

Tsiku la muno limayamba ndi mopu. Oyeretsa amakuwa, "Magadiyani, panja!" ndipo pansi pa bedi lililonse pamatuluka munthu akupinda mphasa. Pansi pa langa pali nsapato zanga zokha. Kenako mankhwala, phala, madokotala, ndiye kudikira. Gadiyani ndi amene amakatenga phala, kutenthetsa madzi osamba, kuchapa, kuthamangira anamwino diripi ikatha. Ine phala langa landipeza litazizira, wandibweretsera ndi mayi wa mopu yemweyo.

Mapiritsi okodzetsa awiri m'mawa, opha ululu katatu. Mchere andiletsa. Anamwino ang'onoang'ono akunditcha agogo. Agogo a ndani?

Kumanja kwanga, bedi teni, kuli a Selestina a ku Mikolongwe. Shuga inawadya chala chachikulu cha kuphazi, bala likukana kupola, atha mwezi ali muno. Pakamwa pokha ndiye sipakudwala. Akuwadwazika ndi mwana wawo Maluwa, mayi wa ana atatu. Masana kwabwera anthu awo mulu, Chilomwe chili pakamwa, kuseka, makontena kutsegulidwa. Fungo la nandolo wamuwisi linadzaza wodi yonse. A Selestina ananditambasulira mbale. Ndati ndadya kale. Ndakalambira kutsogolo kwa kalasi ine, sindiyamba lero kulandira za m'mbale za eni ngati wopemphetsa.

Lachitatu, 5 Julayi

Sikani. Andipaka mafuta ozizira pamimba, a Lajabu ayang'ana kakanema kawo nthawi yaitali. Ndafunsa. Ati, "M'chiwindi muli zina zomwe tikufuna tionetsetse." Zina zake ziti? Ati tidikire magazi.

Masana ndamasula kathumba. Masewerawa anatisiyira bambo mfumu wina wachizungu pobwerera kwawo, ife tikadali achinyamata. Umatola timatabwa seveni osasuzumira, n'kupanga liwu la Chingerezi pa bolodi, chilembo chilichonse chili ndi mapointi ake. Ine ndi a Silvesta tinkasewera madzulo alionse tikamaliza kuchonga makope a ana. Lamulo la m'nyumba mwathu linali lakuti liwu usaliike ngati sukudziwa tanthauzo lake. Walephera kumasulira, chotsa timatabwa tako.

Ndatola J, O, ndi zina zopanda ntchito. JO. Liwu la ku Scotland, kutanthauza wokondedwa. A Silvesta akaliika ankandiloza ndi mlomo osanena kanthu, ine n'kuwauza kuti asiye chibwana awerenge mapointi. Ndabweza timatabwa m'thumba. Chiperoni chikulowera pazenera, bulangete ndi limodzi.

Lachinayi, 6 Julayi

Tchuthi cha ufulu, madokotala sanayende. A Selestina akhala akundisuzumira chiyambire dzulo. Lero alephera kupirira.

"Aphunzitsi, pepanitu, kodi timeneto n'ta maula? Ngati ndi choncho mundiombezereko phazili."

Ndaseka mpaka mimba kuwawa. Ndawafotokozera, n'kuwayalira mawu pa bulangete. AA, miyala yokhakhala yotuluka m'phiri lolavula moto. ZAX, kankhwangwa kodulira miyala yofolera nyumba. AI, kanyama kaulesi kokhala m'mitengo ku nkhalango za ku America. XU, kandalama ka ku Vietnam.

"Inu munazionapo zimenezo?"

"Iyayi."

"Nanga amalemu?"

"Iwonso ayi."

"Ha! Nde zaka zonsezo mumasunga mayina a zinthu zoti simudzakumana nazo? Chizungu chakecho chingagule mchere pa Namadzi?"

Ndinakwiya pang'ono, chifukwa sananame. Ndati mawu amenewa ndi omwe amawinitsa, zilembo zochepa koma mapointi ambiri. Ati iwo Chizungu chomwe akuchifuna ndi chomwe madokotala amaponyerana pamwamba pa phazi lawo ngati mwini phazi kulibe.

Lachisanu, 7 Julayi

Andipopa madzi m'mimba. Singano kumanzere, kapaipi, malita awiri ndi theka. Sikelo 51. Ndapuma bwino koyamba sabata ino. Pobaya ndinagwira chitsulo cha bedi. Anzanga amagwira dzanja la munthu.

A Selestina abwera ndi malamulo awoawo. Iwo azitola liwu limodzi patsiku m'kamwa mwa madokotala, andibweretsere. Ndikalimasulira ndawina, ndidye za m'kontena mwawo. Ndikalephera ndigone ndi nyemba za chipatala, ndipo iwo adzaimba nthungululu wodi yonse imve kuti aphunzitsi agwa.

"Si chithandizotu ayi," atero. "Ndi mpikisano. Mukamadya muzidziwa kuti ndi thukuta lanu."

Liwu la lero alitchula kuti "edima". OEDEMA, kutupa kwa thupi chifukwa cha madzi. Liwu lothandiza ukakhala ndi mavawelo ambiri osowa kowataya. Ndawina. Maluwa wandipakulira nandolo ndi makaka. Nandoloyo anali wopanda mchere, wophikidwa padera, ngati ankadziwa kale kuti ndiwina. Ndinafuna ndifunse, ndasiya. Ndamaliza mbale yonse.

Loweruka, 8 Julayi

ANAEMIA, kuchepa kwa magazi. Ndawina mbatata yootcha.

Lero ndaona za pakhonde. Muno nkhani yolemera sauza wodwala. Adokotala amaima pakhomo n'kuitana, "Gadiyani wa pa bedi lakuti," n'kutuluka naye pakhonde pomwe pali benchi. Zenera langa layang'ana pomwepo. Aitana wa pa bedi fili, mtsikana amene akudwazika apongozi ake. Ndamuona akumvetsera, akugwira pakamwa, kenako akupukuta nkhope ndi chitenje n'kuchimanganso bwinobwino. Polowa anali akumwetulira. "Amayi, akuti mukupeza bwino, bola muzidya." Wodi yonse inamva. Aliyense akudziwa za khonde, ngakhale apongoziwo, koma anayankha kuti, "Zikomo mwanawe," n'kulandira supuni ya phala.

Ndauza a Selestina kuti limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, ine mwana wonama ndinkamugwaditsa kutsogolo. Ati, "Bodza inde. Koma katunduyo wasenza ndani? Munthu akudwala kale, asenzenso ndi mawu omwe?"

Ndatembenukira kuzenera. Si kuti ndavomereza.

Lamulungu, 9 Julayi

Kwabwera amayi anayi a ku limana kwathu, kagulu kathu ka kutchalitchi. Tapemphera kolona, andisiyira shuga ndi mabanzi, anditsimikizira kuti nkhuku akuzitsekera. Ndinaona m'maso mwawo kuti aliyense akuopa kuti ndimupempha agone. Sindikuwadzudzula, ali ndi odwala awo kunyumba. Ndawauza ndekha kuti afulumire, minibasi zingawathere. Atatuluka ndapereka mabanzi kwa Maluwa akapatse ana.

Lolemba, 10 Julayi

Apongozi a pa bedi fili aja awatenga, akuti akapumulire kunyumba.

Zotsatira za magazi zabwera. A Lajabu aziwerenga, atseka faelo, afunsa, "Gadiyani uja wafika?"

"Adokotala, chiwindi ndi changa. Ndiuzeni ine, kaya m'Chinyanja kaya m'Chingerezi, zonse ndimamva."

"Ndikudziwa, amayi. Sabata yamawa kubwera dokotala wamkulu wochokera ku Blantyre, ndikufuna aone kaye. Komanso nkhani zina sindikonda kumuuza munthu ali yekha, ine n'kutuluka kumusiya akuyang'ana khoma. Itanani wachibale."

Ndi mwana waulemu, akanakhala wa m'kalasi mwanga bwenzi ali wa kutsogolo. Koma ndamukwiyira. Ndiye kuti wopanda gadiyani alibe ngakhale womulandirira uthenga wake womwe?

Madzulo ndaimbira Edwin. Amagwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti, kumbuyo kwake kumamveka mapoto. Mapepala ake anatha kalekale, akatuluka m'dziko muja sadzalowanso, ndipo mkazi ndi khanda ali konko. Ndamuuza kuti adokotala akufuna wachibale. Anati, "Amayi, ndiona mwezi ukatha." Mawu ake anali a mwana amene sanalembe homuweki. Ndati usavutike, ndi zazing'ono.

Liwu la lero ndi REVIEW, kuonanso chinthu kachiwiri. Ndawina ndiwo za mnkhwani zotendera nsinjiro. Zokoma, koma mtima kunalibe.

Lachiwiri, 11 Julayi

Kusanza kuyambira m'mawa. NAUSEA, mseru. A Selestina ati liwulo lamveka ngati chinthu chakecho. Ndawina nthochi, ili pa kabati.

Lachitatu, 12 Julayi

Ululu kumanja, pansi pa nthiti, ngati wina watsamira ndi chigongono. Andiyambitsa mofini wamadzi, mamililita awiri ndi theka maola anayi alionse, ndi mapiritsi ofewetsa m'mimba. BP 110/70.

Ndinapita kubafa ndekha ndi kachidebe ka madzi ozizira, miyendo inakana, ndinakhala pansi pa simenti mpaka wina anandipeza. Sindinauze munthu, koma muno mulibe chinsinsi.

Liwu ndi FATIGUE, kutopa kofika m'mafupa. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire mbale. A Selestina ati, "Lero mphoto si ya pakamwa. Mwawina madzi otentha ndi wokutsukani kumsana." Ndinati zimenezo sizinali m'malamulo. Ati malamulo ndi awo. Maluwa wandigwira mkono mpaka kubafa, wandikhula ndi kansalu mosafulumira, akundiuza za mbuzi yake yomwe yaswa mapasa. Chimwalirire a Silvesta palibe anandikhudzapo kumsana. Ndinayang'ana kukhoma, ndinati sopo wandilowa m'maso.

Lachinayi, 13 Julayi

Lero ndiliko bwino. A Selestina apempha ndiwakhuthulire timatabwa pa bulangete lawo. Sukulu anailekeza ali Sitandade 1, akuti aphunzitsi ake anali ndi ndodo ngati ya ine. Afunsa kuti kawo ndi kati. Ndawapatsa S. Autembenuza, auyang'ana, ati, "Njoka imeneyi ndine?" Ndawayalira dzina lonse, SELESTINA, koma ndawauza kuti m'masewera mayina a anthu saloledwa.

"Kanyama kaulesi ka ku America kaloledwe, ine wa pa Mikolongwe pompa ndikanidwe? Anapanga lamulolo ndani, ndimuone."

Atenga ka S kaja, akaika pansi pa pilo. Ati andibwereka.

JAUNDICE, chikasu. Limeneli analinenera pa bedi langa, ine ndili maso. Ndinaliikapo kamodzi J atagwera pamalo ochulukitsa katatu, a Silvesta anadzuka kukamwa madzi. Sindinkadziwa kuti tsiku lina lidzandikhala m'maso.

Lachisanu, 14 Julayi

Bala la a Selestina layamba kuuma m'mbali. Atola IMPROVING, kupezako bwino. Ndawamasulira, Maluwa anavina pakati pa mabedi ndi beseni m'manja. Ndasangalala nawo. Kenako ndaganiza kuti phazilo likapola bedi teni ligona mlendo. Mulungu andikhululukire, chimwemwe changa chinachepa.

Loweruka, 15 Julayi

Miyendo yatupa mpaka m'mawondo. Tulo tokhatokha. Edwin sanaimbe.

Lamulungu, 16 Julayi

Nthawi ya alendo ndi yomwe imandivuta. Belu likalira anthu amalowa ngati m'tchalitchi, maso akufunafuna wawo, amadutsa pa ine ngati ndine kabati. Ndimatembenukira kuzenera, ndimanamizira kugona. Lero kwa a Selestina kunali azilamu, adzukulu, ndi wina wobweretsa nzimbe. Amandipatsa moni onse, "Aphunzitsi mwaswera bwanji," koma moni ndi moni, akamaliza amabwerera ku Chilomwe chawo.

Madokotala kulibe, liwu kulibe. Ndadzisankhira ndekha timatabwa, poti wondiletsa palibe. FORLORN. Wosiyidwa yekha, wopanda womuyembekezera. Zilembo seveni, ukaziika zonse nthawi imodzi umalandira mapointi fifite apamwamba. Ndawina, koma ndawina ndani?

Madzulo Maluwa wabwera ndi nyemba za kalongonda, akuti ndi ngongole ya mawa, ndiwiniretu. Kalongonda sindinamudye chimwalirire amayi anga. Ankamuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena. Ndadya tiwiri titatu, kukoma kwake n'komwe kuja.

Lolemba, 17 Julayi

Andipopanso, malita awiri. Sikelo 49. Mofini akweza, mamililita faifi. A Lajabu afunsanso za wachibale. Ndati ali m'njira. Iwo akudziwa kuti ndikunama, ine ndikudziwa kuti akudziwa, tonse tayang'ana faelo.

Lachiwiri, 18 Julayi

Dokotala wamkulu uja wabwera ine ndili m'tulo ta mofini. Sindinamuone n'komwe. Ndadzuka dzuwa litakwera, a Selestina akung'ung'udza ngati mwana woloweza katekisimu.

"Dzukani aphunzitsi, lingandithawe! La lero ndi lalitali, ndalisunga m'kamwa chitulukire madokotala, ngakhale madzi sindinamwe. Paliyetivu."

Ndati abwereze. Abwereza bwinobwino.

"Analinenera pa bedi la ndani?"

"Lanu. Anaima kumiyendo kwanu ndi faelo, wamkulu uja analitchula kawiri, a Lajabu n'kumagwedeza mutu."

Liwuli ndimalidziwa. Chaka chomwe Edwin ankalemba mayeso a Fomu 4, mvula ikugwa padenga, a Silvesta anayala timatabwa tawo tonse seveni modutsa pa T wanga: PALLIATE. Ndinatsutsa, ndinati apeka. Tinatsegula dikishonale. Kuchepetsa ululu wa matenda popanda kuwachiza. Anawina, anavina pabalaza ngati mnyamata, ine ndinakagona osawayankhula. Lero liwu lomwelo landitsatira mpaka pa bedi naini.

"Nanga, aphunzitsi? Nandolo akuzizira."

"Limeneli sindikulidziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Nthungululu ija sanaimbe. Kenako anati, "Maluwa, apakulire. Woluza chilango chake amalize mbale."

Ndadya masupuni atatu.

Lachitatu, 19 Julayi

Ndiye ndadziwa. Ndinkalimbana ndi a Lajabu kuti andiuze, pano ndadziwa, ndipo palibe koti ndikatule. Ndikuopa. Osati imfa yeniyeniyo, a Silvesta ndi Elsie ali konko. Ndikuopa kuti adzandikokera makatani m'mawa wina, oyeretsa n'kufunsana kuti amayi a pazenera aja eni ake ndani.

Ndaimbira Edwin. Anayamba ndi kupepesa, ndamudula. Ndati adokotala andiona, akuti ndikupeza bwino, bola ndizidya. Ndinamva mwana wanga akupuma. "Zoona, amayi?" Ndati zoona, tsuka mapoto ako, umpsompsone khanda. Nditadula ndazindikira kuti ndanena mawu a mtsikana wa pa bedi fili uja, osasiya ngakhale limodzi. Ndakhala gadiyani wa mwana wanga, ine wodwala. Ine wondinamiza ndilibe.

A Selestina lero sanabweretse liwu. Ati madokotala anayankhula motsitsa. Mbale yokha yabwera.

Lachinayi, 20 Julayi

DISCHARGE. Alitola pa bedi lawo. Ndawamasulira: kumasulidwa, kuloledwa kupita kwanu. Mawa m'mawa. Maluwa waimbira mudzi wonse, akuti nandolo kumunda wakhwima akungodikira mwini wake.

Ndawauza kuti ndakondwa, ndipo ndakondwadi, theka.

Madzulo atulutsa ka S pansi pa pilo, akandiika m'dzanja. "Njoka yanu iyi, mungadzanene kuti Alomwe ndi akuba." Ndinafuna ndiwauze kuti akasunge, koma S alipo anayi okha m'thumba, ndipo ine ndine Bernadetta, ndinalandira. Atero, "Liwu la dzana lija mwalikumbukira?" Ndati ayi. Ati, "Chabwino."

Mofini faifi. Ululu uli chete. Mawa phala lozizira liyambiranso.

Lachisanu, 21 Julayi

Ndilemba zonse.

Maluwa wamanga katundu kusanache bwino: mapoto, beseni, mphasa. Wa njinga yamoto akudikira kugeti. A Selestina avala chitenje chatsopano, phazi m'bandeji, ndodo m'manja. Atsanzika wodi yonse bedi ndi bedi, ine anandisungira kumapeto. Asanafike pa ine alowa a Lajabu, abwera molunjika pa bedi langa.

"Amayi Makwinja, sitingadikirenso. Pali zoti tigwirizane lero, za mankhwala ndi za komwe muzikhala. Ngati wachibale palibe, ndikhala pansi pano ndikuuzeni nokha."

Ndati yambani. Ndakonza bulangete, ndakhala tsonga ngati tsiku la oyendera sukulu.

"Gadiyani alipo." Anali a Selestina, atatsamira ndodo kumiyendo kwa bedi langa.

"Amayi, inu ndakutulutsani."

"Eya, nde sindinenso wodwala. Ndine gadiyani."

"Ndinu ndani wawo?"

"Mchemwali wawo. Simukuona kufanana?"

Wodi inaseka, poti ine ndine wamtali wowonda, iwo ndi aafupi ngati mtondo. A Lajabu sanaseke. Anatembenukira kwa ine. "Amayi, mukuvomera? Ndikhoza kukuuzani nonse awiri pompano, mumve ndi makutu anu monga munkafunira."

Ndinayang'ana faelo m'manja mwawo. Chomwe chili m'faelomo ndikuchidziwa kale, mpaka zilembo zake. Ndati, "Pitani pakhonde, ngati mmene mumachitira ndi anzanga onse."

Ndiye mwana uja, Mulungu amudalitse, anayenda mpaka pakhomo, anatembenuka, n'kuitana mokweza ngati mwa masiku onse: "Gadiyani wa pa bedi naini!"

"Ndili pano," anatero a Selestina, n'kuyamba kutsimphina.

Ndawaonera pazenera langa losatsekeka. Akhala pa benchi, a Lajabu akuyankhula motsitsa, iwo akumvetsera, ndodo ili pakati pa miyendo. Sanagwire pakamwa, ndiye kuti anali atadziwa kale chiyambire Lachiwiri. Afunsa mafunso ambiri, akuwerenga pa zala. Adokotala atachoka anakhalabe pamenepo okha. Kenako apukuta nkhope ndi chitenje chatsopano chija, achimanganso bwino, adzuka.

Polowa anali akumwetulira, maso ali psuu.

"Aphunzitsi, akuti ndi kachotupa chabe. Akuti mukupeza bwino, bola muzidya."

Moyo wanga wonse ndagwaditsa ana chifukwa cha bodza. Ili ndalilandira ndi manja awiri. Ndati, "Zikomo, achemwali."

Anayankhula ndi Maluwa m'Chilomwe, mwachidule. Maluwa anamasula katundu, anatulutsa mphasa, poto mmodzi ndi beseni. Iye apita akaone ana ndi nandolo, abweranso Lolemba kudzasinthana nawo. Anamwino a Sophie anakalipa kuti phazi limenelo silingagone pa simenti, anakalipa mpaka anatopa, kenako anapita kukabweretsa matiresi akale. Ine ndinayamba kunena kuti sindingalole, ali ndi kwawo, ndine ndani ine. A Selestina sanandimvere n'komwe. Anangotambasula dzanja.

"Bwezani njoka yanga ija, sindinamalize nayo."

Loweruka, 22 Julayi

Mofini faifi. BP 100/60. Sikelo sanandikweze.

M'mawa oyeretsa akuwa, "Magadiyani, panja!" Pansi pa bedi langa patuluka munthu akudandaula msana, akufunafuna ndodo, wasuntha nsapato zanga ndi phazi labwinolo.

Phala landipeza likadali lotentha.